Amene Anaima Pakati pa Njanji

Apolisi anabwera kudzatenga Digambar Karmarkar madzulo a tsiku la chikondwerero cha Dasara, ali chigonere pampando, botolo la madzi otentha lili pamimba. Anatsegula chitseko ndi mkazi wake Sulabha, manja ali ufa wokhawokha.

"Miyendo iyi mukuidziwa, mayi?" anafunsa wapolisi wamkuluyo, moni osapereka n'komwe. Anali Inspekitala Shelke, munthu wowonda wa maso otopa. M'manja ananyamula miyendo itatu yachitsulo yoimikapo kamera.

Sulabha anaidziwa. Mwendo umodzi unali womangidwa ndi pulasitala wa m'sitolo yake ya mankhwala, ndipo anaumanga ndi iye mwini.

"Ndi ya amuna anga. Mwaitola kuti?"

"Pachigongono. Kumunsi kwake, m'miyala, woyendera njanji wapezako nkhalamba ina, Rustom Daruwala, mutu utasweka. Ikupuma, koma sikulankhula. Kamera yake palibe."

Pachigongono ndi pamene njanji imakhota ikangotuluka m'mphanga yoboola phiri, kumtunda kwa kasiteshoni ka Pimpalghat. Dzinalo anapatcha ndi amuna a gulu la Digambar, anthu akuluakulu a ntchito zawo amene tchuthi chilichonse ankakwera phiri kukaima padzuwa, kudikira mitu ya sitima zamagetsi kuti aijambule ndi kuwerenga manambala ake. Sulabha sankamvetsa chimene ankaonamo. Kwa iye mutu wa sitima unali mutu wa sitima. Koma bambo Daruwala ankawadziwa bwino: munthu wosakwatira, wa chipewa choyera, amene nthawi zonse ankabwera ndi maswiti a ana a eni ake m'thumba.

Digambar anadzuka movutikira. "Ndinawasiya ali bwinobwino, bwana. Mimba inandipota, ndiye ndinatsika. Miyendoyo anachita kundibwereka okha."

"Munatsika ndi ndani?"

"Ndekha."

"Anakuonani ndani?"

"Anyani," anatero Digambar, akuyesa kuseka. Palibe anamuthandiza. "Ndi mayi wa tiyi pasiteshoni paja."

Shelke anatulutsa lamya n'kudina. M'chipindamo munamveka mawu a Digambar, okweza ngati ali pamsika: "Madala, tsiku lina ndidzakukankhirani kuphompho pamodzi ndi ziphakasa zanu zakalezo."

"Mawu awa munatumiza pagulu lanu la pa lamya sabata yatha. Ndi anu?"

"Ndi anga, koma timanyogodolana choncho zaka zonsezi. Iwo amati injini zatsopano zili ngati mafiriji, ine ndimati zawo zakalezo..."

"Zimenezo mukafotokoza kupolisi. Valani nsapato."

Digambar akuwerama kumanga zingwe, malaya anakwera, ndipo Sulabha anaona mikwingwirima itatu yofiira pamkono pake. Shelke anaionanso.

"Minga," anatero Digambar, osayang'ana aliyense.

* * *

Sulabha sanagone. Zaka makumi awiri za ukwati zinamuphunzitsa kuti mwamuna wake ndi wamantha ngati mbuzi yomangidwa, komanso kuti akapsa mtima saona kutsogolo. Kamodzi anaswapo wailesi chifukwa cha mpira wa kriketi. Ganizo limeneli ankalithamangitsa, koma linkabwerera.

M'mawa kunja kunalira njinga yamoto. Anali Ninad, mlongo wake wamng'ono, mnyamata wamtali wogwira ntchito kubanki, amene ukwati wake unali mwezi wamawa. M'gulu la ojambula sitima anamulowetsa ndi Digambar, koma tsopano Ninad ndiye anali wotchuka, chifukwa mafilimu ake afupiafupi anthu ankawaonera kwambiri pa lamya.

"Achemwali, mwadya kanthu?"

"Iwe dzulo unali kuti?"

"Ku Devgaon, kumtunda. Sitima ya katundu ija ndinakutumizirani pagulu labanja simunaione? Shelke wandifunsa kale, ndamuonetsa."

Sulabha anakumbukira. Chithunzicho chinafika iye akukazinga, n'kuchiyang'ana mwachidule: mutu wobiriwira, nkhope yake yoyera mbee padzuwa, mkono wake wachitsulo utagwira waya. Pansi Ninad analemba kuti, "Alamu, onani zimene mukuphonya kuno."

"Undiperekeze ku Pimpalghat," anatero Sulabha.

"Mukatani kumeneko? Tipeze loya, achemwali. Zina zonse n'za apolisi."

"Apolisi ali naye kale munthu wawo. Ukuganiza kuti akufunanso wina?"

Ninad anatulutsa makiyi a njinga. "Kwerani."

Atafika pamene msewu wafumbi umapatukira kusiteshoni, Ninad anaimitsa njinga pansi pa mtengo.

"Ndikudikirani pano. Kanjirako kali ndi miyala, tayala langa n'lakutha."

* * *

Hirabai, mayi wa tiyi, anali pagome lake kuseri kwa siteshoni, akutsuka matambula ndi kukalipira anyani. Atamva kuti mlendoyo ndi mkazi wa Digambar, anamukhazika pabenchi n'kumupatsa tiyi asanamupemphe.

"Ndinu akazi a bambo amimba aja? Pepani, mwana wanga. Ine apolisi anandifunsa kuti munamuona, ndinati ndinamuona, analemba, anamwa tiyi wanga osalipira, n'kumapita. Funso limodzi basi. Munthu wa pakamwa ngati ine, funso limodzi."

"Anafika ali bwanji, amayi?"

"Atagwira mimba chonchi, thukuta kamukamu, mkono wonse magazi. Akuti anadulira pathengo la minga kuti afike msanga. Ine ndinati, bambo, munthu wa msinkhu wanu kudya zokazinga za pamsewu m'mamawa, mumati zithera kuti? Analowa m'chimbudzi changa kuseriku, osatulukamo. Ndinafika poganiza kuti ndiyambe kumulipiritsa lendi."

Minga inali minga ndithu. Koma zimenezo sizikanaletsa wina kunena kuti anakankha nkhalamba asanatsike.

"Kumtunda kunamveka chilichonse?"

"Kunamveka! Sitima yothamanga ya ku Pune ija inalira ngati ikuphedwa. Mluzu wosaleka, kenako mabuleki, zitsulo kukukutana mpaka matambula anga kugwedezeka pathebulo. Anyani onse balala. Amuna anu ali m'chimbudzi momwemo anafuula kuti, 'Mayi, n'chiyani chimenecho?' Ndinati malizani zanu kaye."

"Nthawi imeneyo anali muno?"

"Ndikuti m'chimbudzi. Atatuluka ndinawapatsa madzi a mandimu ndi mchere, anakhala pamene mwakhalapo, mpaka sitima yotsika inafika. Pokwera ndinachita kuwakankha kumbuyo, miyendo ilibe mphamvu."

"Kuphiri anakwera enanso?"

Hirabai anatsanulira madzi otsukira pansi. "Wanjinga yamoto. Sanaime pano. Anadzera kanjira ka kuseri kwa thanki, chipewa chija chobisa nkhope chili kumutu. Anakwera amuna anu atangotsika kumene. Pobwerera ankathamanga ngati wabera munthu. Pang'ono andiphere nkhuku."

"Njinga yotani?"

"Njinga ndi njinga, mwana wanga. Yakuda. Theka la dziko lino limakwera zakuda." Anapukuta manja pansalu. "Mukafune Lobo. Ndiye ankayendetsa sitima ija, anandibayibitsa podutsa, nkhope ili gwa. Amakhala kunyumba za anjanji kumunsi, aliyense akulozerani. Koma mwabwera bwanji kuno?"

"Wandibweretsa mlongo wanga. Ali kumsewu."

"Wamtali uja wa kubanki? Amamwa makapu awiri akabwera. Lero wanyada bwanji?"

Sulabha asanayankhe, lamya inalira m'chikwama. Anali Shelke.

"Mayi Karmarkar, ndati mumve kwa ine. Bambo Daruwala amwalira posachedwapa. Sanatsitsimuke. Mlandu wa amuna anu wasintha dzina."

* * *

Ninad anamva uthengawo ataima pambali pa njinga. Anakhala pansi pamuzu wa mtengo n'kugwira nkhope.

"Sananene kanthu?"

"Ayi."

"Ngakhale liwu limodzi?"

"Akuti sanatsitsimuke. Tiye kwa a Lobo, woyendetsa sitima."

"Lobo akudziwa chiyani? Munthu amadutsa pakhona paja ngati mphepo." Ninad anadzuka n'kuphumula fumbi pathalauza. "Komanso amayi akundidikira, telala akubwera kudzayeza zovala. Ndikakusiyeni kunyumba mukapume."

"Pita kwa telala wakoyo. Ine ndikwera sitima."

Sulabha anayembekezera kuti amukakamiza, poti Ninad sanamusiyepo yekha pamsewu chiyambire. Koma analiza njinga n'kumapita.

Sulabha anawapeza bambo Lobo pakhonde, ali ndi vesiti, akusokerera batani pamalaya a ntchito. Anali munthu wojintcha, wa imvi, kamtanda kali pakhosi. Mawu ankawatulutsa ngati akuwagula.

"Karmarkar ndikumudziwa. Amandijambula. Sanandipatseko chithunzi ndi chimodzi chomwe."

"Ali m'chitokosi, bambo. Akuti anakankha bambo Daruwala Pachigongono."

Singano inaima. "Daruwala wa chipewa choyera?"

"Amwalira lero."

Lobo anadzilemba chizindikiro cha mtanda. "Ndinamuona dzulo. Ali moyo. Ataima pamtumbira."

Sulabha anasendera pafupi. "Nthawi imene munaliza mluzu ija?"

"Yomweyo."

"Munaliziranji?"

"Ndikutuluka m'mphanga. Maso asanazolowere kuwala. Ndikuona munthu pakati pa njanji. Wagwada, lamya kutsogolo. Akundijambula ndikubwera." Lobo anayang'ana manja ake. "Kumbuyo kwanga mabogi odzaza anthu opita kuchikondwerero. Ana pamakomo. Ndinamanga mabuleki onse. Sitima siima ngati njinga, mayi. Anadumpha nditatsala pang'ono kumuwerenga mabatani."

"Nkhope munaiona?"

"Chipewa cha njinga. Galasi lotsitsa."

"Wamfupi, wonenepa?"

"Karmarkar sangadumphe choncho ngakhale mutamulonjeza injini yakeyake. Wamtali. Wachinyamata."

"Nanga bambo Daruwala ankatani?"

"Ankajambula. Koma osati ine. Kamera inaloza kwa munthuyo." Anadula ulusi ndi mano. "Ndinakanena kwa akuluakulu anga nditafika. Pepala likuyenda. Likafika kwa apolisi a m'tauni mwina Khirisimasi itadutsa."

"Mungakanene kwa Inspekitala Shelke lero?"

"Ndivale malaya kaye."

Sulabha anafuna kulira. Nkhalamba inali moyo pamene Digambar anali m'chimbudzi cha Hirabai, ndipo kuchokera pamenepo mpaka kukwera sitima mayiyo sanamuchotse diso. Mboni ziwirizi zikanakwana kumutulutsa.

"Anandiwonongera tsiku," anatero Lobo akuvala. "Mkazi wanga analuka yekha nkhata ya maluwa yoveka injini. Ife si a chipembedzo cha eni chikondwererochi, koma injini ndi injini, imatidyetsa. Mabuleki aja nkhata inaduka. Maluwa onse pansi pa mawilo."

"Mumaveka maluwa sitima zonyamula anthu zokha?"

"Zonse. Tsiku la Dasara palibe mutu umatuluka kushedi kwathu kosungira injini uli maliseche. Maluwa achikasu, masamba a mango, utoto wofiira pamphumi. Ya katundu, yokankha kumbuyo, ngakhale chiphakasa chokokera mabogi pabwalo."

Sulabha anatsazika mwaulemu. Anayenda mpaka pampopi wa kumapeto kwa nyumbazo, pamene panalibe munthu, n'kutulutsa lamya. Anatsegula chithunzi cha Ninad chija.

Mutu wobiriwira uja unali pomwepo. Pambali pake panalembedwa dzina la shedi ya Lobo. Pankhope pake panalibe duwa, panalibe tsamba, panalibe kadontho kofiira.

Anaona chinanso chimene dzulo sanachilabadire. Ninad, amene chithunzi chilichonse ankathamangira nacho kwa anzake ojambula, ichi anachitumiza kwa amayi ake, kwa azakhali, kwa mlongo wake: anthu amene sakanasiyanitsa injini ya dzulo ndi ya chaka chatha. Digambar yekha ndiye akanazindikira, koma iye dzulo lamya sanaigwire n'komwe.

* * *

Kwa amayi ake Sulabha anapeza nsalu za ukwati zitayalidwa pabedi, zofiira ndi zagolide, ndipo m'khitchini munkanunkhira mphodza ndi adyo.

"Sulu, wafika bwino, ukhale udye," anatero amayi. "Za mwamuna wako usade nkhawa, ndapemphera m'mawa wonse. Mlongo wakoyu naye sakudya, telala wachita kudandaula kuti muyezo wasintha."

"Ali kuti?"

"Padenga. Akuti akufuna mphepo."

Ninad anakhala pamthunzi wa thanki ya madzi, maondo ali pachifuwa. Sulabha anatseka chitseko cha masitepe n'kuima patsogolo pake. Mwana ameneyu anamubereka kumsana bambo awo atamwalira. Anamuphunzitsa kumanga zingwe za nsapato, n'kumulipirira koleji ndi malipiro ake oyamba.

"Chithunzi chija unajambula liti?"

"Dzulo, ndinakuuzani."

"Maluwa ali kuti?"

"Maluwa ati?"

"Ninad, ine za sitima sindizidziwa. Koma dzulo ngakhale sikelo ya m'sitolo mwanga ndinaiveka maluwa. Ukufuna ndikaonetse anzako a pagulu, andiuze ndi iwo?"

Kumunsi kunamveka amayi akugwetsa chivundikiro cha poto.

"A Lobo anakuona," anapitiriza Sulabha. "Nkhope ayi, koma msinkhu. Hirabai anaona njinga. Ukanapita kukamwa tiyi wake lero, mwina sindikanaganiza kanthu."

"Sindinawakankhe, achemwali."

Ngakhale Sulabha anabwera akudziwa, mawuwo anamulasa. Anakhala pansi pasimenti yotentha.

"Nena zonse."

"Ndinkafuna kuijambula ikubwera maso ndi maso, ili ndi maluwa. Palibe anachitapo zimenezo pakhona paja. Ndinaona alamu akutsika, ndiye ndinaganiza kuti kumtunda kulibe munthu. Madala aja anali kuseri kwa mwala, sindinawaone. Sitima itadutsa anayamba kundikalipira. Akuti ndikanapha anthu, akuti ndanyozetsa gulu lonse. Akuti andijambula, ndipo nditavula chipewa anandijambulanso nkhope. Akuti akupita nazo kwa apolisi a njanji tsiku lomwelo."

"Akanapita nazodi."

"Ndikudziwa. Ndinawagwadira. Ndinati ntchito yanga, ukwati wanga, amayi. Anati ndikanaganiza za amayi ndisanagwade panjanji. Ndiye ndinagwira lamba wa kamera. Ndinkangofuna kufufuta, basi. Iwo ankakoka, ine ndinkakoka. Lamba anavuka pakhosi, iwo n'kubwerera chagada." Anatambasula manja, opanda kanthu. "Kamera inatsala kwa ine."

"Unatsikirako kukawaona?"

Ninad anatembenukira kuthanki.

"Ndikufunsa. Unatsikirako?"

"Ndinasuzumira."

"Ankapuma?"

"Dzanja linkagwedezeka."

Sulabha anatseka maso. Woyendera njanji anawapeza dzuwa litapendeka. Nkhalamba inagona m'miyala yotentha kuyambira m'mawa, pamene Ninad, lamya ili m'manja, ankafufuza chithunzi chakale choti atumize kwa amayi ake.

"Ukanaimba, Ninad. Ngakhale osatchula dzina lako. Ukanangoti kuli munthu wagwa."

"Ndinkaopa."

"Usiku wonse alamu ako agona pansi m'chitokosi, akutsekula m'mimba. Iwe m'mawa n'kubwera kudzandifunsa ngati ndadya."

"Ndinkadziwa kuti awatulutsa. Alibe mlandu, sakanawasunga." Anasendera pafupi n'kumugwira phazi. "Ndipo tsopano atuluka, si choncho? Lobo akanena, Hirabai akanena, nkhani yatha. Wanjingayo palibe akumudziwa. Achemwali, ndinu nokha. Mukangokhala chete..."

Zimenezi Sulabha anaziganizira kale m'sitima, njira yonse. Zinali zotheka. Digambar akanabwera kunyumba, ukwati ukanachitika, amayi akanavina. Iye akanakhala pamwambo uliwonse wabanja moyang'anana ndi Ninad, n'kumamugawira chapati. Ndipo Shelke, atasowa munthu, akanayamba kugogoda pa zitseko za anyamata ena aatali a njinga zakuda mpaka atapeza wosadziwa kudziyankhira.

Anachotsa phazi lake.

"Kamera ili kuti?"

Ninad analoza kuseri kwa thanki. Inali m'thumba la mpunga lopanda kanthu, lamba wake ali lende.

"Ndinalephera kuitaya," anatero. "Zithunzinso sindinafufute. Ndikangoiyatsa ndimaona..."

"Nyamula. Ukalowa wekha, ukanena wekha, ndi pakamwa pako. Loya ndikupezera ine, ndipo tsiku lililonse la mlandu ndidzakhalapo. Ukakana, ndipita ndekha, koma pamenepo adzachita kukutenga pamaso pa amayi."

"Mungandichite zimenezo?"

"Ndikutsika. Ndikafika pachipata sindidikira."

Anatsika masitepe atagwira khoma. Kumbuyo kunali zii. Anadutsa pabalaza, anavala nsapato, anatsegula chitseko. Ali pakati pa bwalo anamva mapazi.

"Mukupita kuti nonse awiri chakudya chili patebulo?" anafunsa amayi ali pakhomo la khitchini, chikombe m'manja.

Ninad anaika thumba lija pansi, anawerama n'kugwira mapazi a amayi ake, monga amachitira munthu wopita ulendo wautali.

"Iwe, n'chiyani chimenechi? Ukwati sunafike," anaseka amayi, akumusisita tsitsi.

"Tikubwera, amayi," anatero Sulabha. "Vundikirani."

* * *

Kupolisi anapeza bambo Lobo atakhala pabenchi, malaya atawamanga mpaka pakhosi. Anayang'ana Ninad kuyambira kumapazi mpaka kumutu, kenako anayang'ana Sulabha.

Shelke anamvetsera osadula mawu. Anayatsa kamera, anadina kangapo, n'kuizimitsa. Kenako anaitana wapolisi wina kuti apite naye Ninad m'chipinda cham'kati.

"Mukudziwa kuti chithunzi chake chija ndinachiyang'ana ndi maso angawa?" anatero kwa Sulabha. "Ndinangoona nthawi imene chinatumizidwa." Anapukuta nkhope ndi dzanja. "Poti wabwera yekha, ndilemba kuti wabwera yekha. Zoposa pamenepo sindingalonjeze."

Digambar anatuluka atagwira thalauza m'chiuno, poti lamba anamulanda. Ndevu zinali zitamera, maso atalowa. Ataona mkazi wake anayamba kumwetulira, koma kudzera pachitseko chotseguka anaona mlamu wake atakhala pampando, mutu uli pansi.

"Ninad akutani muno?"

Sulabha anamuuza mwachidule ali pakhonde. Digambar anatsamira chipilala.

"Ndinamutengera ndine kuphiri kuja koyamba," anatero. "Madala ndiwo anamuphunzitsa kugwira kamera." Kenako anafunsa motsitsa mawu: "Mawu aja ndinatumiza aja, anawayankha?"

"Sindikudziwa."

"Ankayankha nthawi zonse."

Sulabha anamuimitsira galimoto yaganyu n'kuuza woyendetsa kumene akamutsitse. "Mukasambe, mumwe madzi a mchere ndi shuga. Musadye chilichonse chamafuta."

"Iwe sukwera?"

"Amayi sakudziwa."

"Ndikuperekeze."

"Ayi. Akakuonani mwatuluka ayamba kusangalala, ndiye ine ndidzayambira pati?"

Anayenda wapansi. Ankakonza mawu m'mutu, koma aliwonse akafika pakamwa ankaoneka osayenera. Anadutsa sitolo yake yotseka, anadutsa pakachisi pamene ana ankasesa zinyalala za chikondwerero, n'kukhota pakona ya kwawo.

Amayi anali pachipata, atatchinga maso ndi dzanja. Anayang'ana Sulabha, kenako anayang'ana msewu kumbuyo kwake, nthawi yaitali.

"Mlongo wako wamusiya kuti?"

"Tiyeni m'nyumba, amayi," anatero Sulabha, n'kuwagwira mkono. "Mukhale pansi kaye."